Mdzukulu Wanga Ankadwazika Seva Yekhayekha

Abale ndi alongo mwa Ambuye, nonse amene mawu awa akupezeni, kaya muli pa minibasi kaya mwakhala pakhonde, ndikuti moni. Ine ndine Nabanda wa ku Kawale. Kwathu kwenikweni ndi ku Dowa, koma imvi zandimerera m'tauni muno. Cholembera sindinachigwirepo, ndiye ine ndikungoyankhula, wina akulemba. Ndikufuna ndikuuzeni za chaka chimene ndinatsala pang'ono kuika m'manda mdzukulu wanga Tadala chifukwa cha matenda amene sanali ake. Mwanayo ankadwazika makina. Musaseke, khalani pansi mumve.

Tadala ndinamulera ndine, mayi ake atatisiya iye asanayambe n'kuyenda komwe. Mutu anali nawo, sukulu anaimaliza, mpaka anapeza ntchito ku kampani ina yogulitsa feteleza, mbewu ndi mankhwala a m'munda, ya mashopu m'maboma ambiri. Anakwatiwa, koma mwamunayo anapita ku Joni kukasaka, n'kumusiya ali ndi pakati. Ndiye m'nyumba tinatsala awiri, ine ndi mkazi mnzanga, paja mdzukulu wamkazi timamutchula choncho pocheza.

Ntchito yake inali yosamala chinthu chotchedwa seva. Tsiku lina ananditenga kuti ndikaione. Ine ndinkayembekezera chimakina chachikulu ngati chigayo, koma ndinapeza kabati yakuda m'kachipinda kozizira ngati mwezi wa Juni, ikungong'ung'udza yokha. Anandiuza kuti m'kati mwake muli detabesi, ndiye kuti nkhokwe ya mawu. Thumba lililonse la feteleza logulitsidwa ku Mchinji, ku Kasungu, ku Dedza, limalembedwa mmenemo. Wogulitsa m'shopu sangapereke katundu kwa mlimi seva isanavomere. Ikachedwa kuyankha, mzere wa alimi umaima. Ikakomoka, mashopu onse amakomoka nayo.

Tsono panali chida china chimene chinkayang'anira sevayo monga amachitira nesi ndi wodwala. Tadala akatsegula laputopu yake, ndinkaona timizere tikukwera ndi kutsika, tobiriwira, tachikasu, tofiira. Ankandilozera kuti aka kakunena mmene seva yalemedwera, aka malo amene atsala m'nkhokwe, aka mafunso amene aima pamzere kudikira yankho. Kamzere kakafiira, chidacho chinkatumiza mfuu ku foni ya Tadala. Kulira kwake kunali ngati kwa mwanapiye wosowa make, tswii, tswii, tswii, osaleka mpaka munthu adzuke. Amene anachitchera chidacho anali atasiya ntchito kalekale. Akuluakulu ankati alemba munthu wachiwiri, koma mawa lake silinkafika. Foni yolirirapo inali imodzi, ndipo inali ya mwana wanga.

Miyezi yoyamba zinkapiririka. Koma dzuwa la Okutobala litayamba kuwotcha, alimi n'kuyamba kukhamukira feteleza, mwanapiye uja anapenga. Ankalira Tadala ali m'bafa. Ankalira chakudya chili m'manja. Analira m'tchalitchi abusa akugawa mgonero, mwana wanga n'kutuluka chowerama, mimba patsogolo, laputopu m'khwapa, amayi akumuyang'ana cham'mbali. Tulo take tinali ta nkhuku. Nthawi zambiri akatsegula laputopu ankapeza kuti palibe chachikulu, kamzere kangofiira pang'ono n'kubwerera kokha. Koma sakanadziwa asanaone, pakuti nthawi zina zinkakhala zenizeni, mashopu ataima, abwana akuimba.

Ndinamuuza kuti, "Mkazi mnzanga, zimitsa chinthucho, chikutha."

Iye anati, "Agogo, ndikazimitsa, alimi a ku Mchinji abwerera chimanjamanja mvula ili pamutu."

"Nanga seva yakoyo ilibe abale? Matenda amadwazika munthu mmodzi?"

Anangoseka, kuseka kwa munthu wotopa. Anati akudziwa kuti pali chimene chikuitsamwitsa sevayo, koma munthu amene akuzimitsa moto tsiku ndi tsiku sapeza mpata wofufuza kumene ukuyambira.

Miyendo inayamba kutupa, kenako manja, mpaka mphete anaivula ndi sopo. Nkhope inadzaza ngati walumidwa ndi njuchi. Ku sikelo ankapita, inde, koma mukudziwa mizere ya ku sikelo. Akaima pamzere foni inkalira, iye n'kuchokapo kukakhala pansi pa mtengo ndi laputopu pamaondo. Pomaliza ankapeza anzake apita, ndipo abwana akumufuna ku ofesi. Ndinaganiza zomuperekeza kuti ndizikamusungira malo. Ndinaima pamzere ndi amayi oyembekezera, ndikusendera, ndikusendera, mpaka ndinafika pakhomo. Nesi anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kunena kuti, "Agogo, nanunso? Ya miyezi ingati?" Amayi onse anafa nalo phwete. Ndinatembenuka kuti ndimukodole Tadala, koma pansi pa mtengo panalibe munthu. Anali atakwera kabaza kuthamangira ku kabati yake ija. Tsiku limenelo akanamuyeza kuthamanga kwa magazi. Sanamuyeze.

Ndinkapemphera, abale anga, koma mapemphero anga anali a mkwiyo. Ndinkati Ambuye, mvula yoyamba ikabwera tumizani mphenzi igwere kachipinda kozizira kaja. Mvula inabwera, mphenzi inagwera kwina. Seva inali moyo, ndipo mwana wanga ndi amene ankatha.

Linali Loweruka masana. Tadala anakhala pamkeka pakhonde, laputopu patsogolo, n'kunena kuti mutu ukung'ambika ndipo akuona nyenyezi dzuwa likuswa mtengo. Ndinalowa m'nyumba kukatunga madzi. Potuluka ndinamupeza ali gada, thupi lonse likunjenjemera, maso atatembenuzika, thovu kukamwa. Ndinakuwa mfuu imene sindinakuwepo chibadwire. Aneba anathamanga, wina anabweretsa galimoto yake yonyamulira mchenga, tinamugoneka kumbuyo pa matiresi. Foni yake ndinaitola n'kuimanga pamfundo ya chitenje changa, poti ankandiuza nthawi zonse kuti isatayike.

Ku chipatala anati magazi athamanga kupyola muyeso, ndipo kuti apulumutse mayi ayenera kumung'amba msanga. Anamung'amba. Kamwana kanali kakakazi. Sikanalire.

Inu amayi mukudziwa mwambo wa mtayo. Palibe kulira, palibe nyimbo, palibe abambo. Tinapita amayi achikulire ochepa, kanthu kathu titakakulunga m'nsalu imene Tadala anagula kuti adzaberekere. Tinakumba kadzenje kosazama, tonse tili duu. Ndipo pamene ndinkagwada kuti ndikagoneke, m'chitenje changa munayamba tswii, tswii, tswii. Foni ya masiku ano ilibe mabatani, ine sindinkadziwa poigwira kuti ikhale chete. Inalira pamanda pamene ife eni maliro tinaletsedwa kulira. Ndinafuna kuiponya m'dzenje momwemo, koma mayi wina anandigwira dzanja.

Nditabwerera ku wodi, Tadala anali asanatsitsimuke. Anagona choncho masiku, thupi lili lotupa, dripi padzanja, lamba woyezera magazi pamkono. Tsiku limene anatsegula maso ndinagwada pambali pa bedi ndikuthokoza. Milomo yake inagwedera, ndinasendeza khutu. Mawu ake oyamba anali akuti, "Agogo, foni ili kuti?" Sanafunse za mwana. Anafunsa za foni. Apo mtima wanga unasweka kuposa pamanda paja, chifukwa ndinaona kuti chinthu chija chamudya mpaka m'kati. Za mwana anazindikira yekha pambuyo pake, atagwira pamimba. Anatembenukira kukhoma.

Adokotala anati ngozi sinathe. Magazi sankatsika, ndipo anati akapanda kupuma kwenikweni akhoza kugwanso, ndipo kugwa kwachiwiri ambiri sadzuka. Ine ndinkaona ndi maso anga. Foni ikalira m'chitenje changa, ngakhale ndithawire nayo pakhomo, mapewa a Tadala ankadzidzimuka, nesi akabwera kudzayeza n'kupukusa mutu. Ndinkadziwanso kuti ngakhale atatuluka, akubwerera kwa mwanapiye yemweyo, poti nyumba yathu inkadya kuchokera m'manja mwake. Kutsogolo kunali imfa, kumbuyo kunali njala.

Pamenepo ndinaleka kupemphera. Ndikunena zoona pamaso pa Mulungu. Anzanga ogona nawo pansi m'wodi, magadiyani a odwala ena, ankalandirana. Uyu akatopa kunkabwera mng'ono wake, uyo akapita kukasamba kunkatsala mlamu wake. Ine wondilandira ndinalibe. Ndinkaphika phala ku khitchini ya magadiyani ndikuthamanga, kuchapa ndikuthamanga. Pakamwa panga panauma, mawu opita kumwamba anatha. Ndinkangoyang'ana denga la wodi n'kumaganiza kuti nsalu yoika nayo Tadala ndidzaipeza kuti.

Tsiku lina nthawi yoona odwala masana, ndinaona abwana ake a Tadala akulowa, buledi ndi chakumwa m'dzanja ili, laputopu m'dzanja linalo. Sindikuwanena kuti anali munthu woipa, ayi. Nkhope yawo inali yotuwa, maso ofiira, nawonso anali asakugona. Anapepesa maliro bwinobwino, kenako anayamba kufikisa manja. Anati mashopu onse aima chiyambire dzulo, alimi adzaza m'makonde, ena agona pomwepo, ndipo palibe wina aliyense wodziwa polowera. "Pepani agogo, kanthawi kochepa chabe, angotionerako."

Tadala anatembenuka kuchoka kukhoma kuja. Ndinaona dzanja lake la dripi likunyamuka kulandira laputopu. Mphamvu yoletsa ndinalibe. Mumtima ndinangoti, Ambuye, kamwana mwatenga, ngati mukufunanso uyu mutengeni, ine ndatopa. Limenelo ndilo pemphero lokhalo limene linatuluka, ndipo silinali lokoma.

"Abwana, dzanja limenelo lili ndi dripi. Bwezani chinthucho."

Mawuwo anachokera pa bedi loyandikana nalo. Anali mayi wina wa ku Area 25, a Nyachirwa, amene ankadwazika mng'ono wawo. Munthu wofatsa, wa Chichewa chomveka kuti kwawo ndi kumpoto. Tinkagawana moto ku khitchini, ndipo ine ndinkangoti ndi aphunzitsi. Anaimirira, anamanga chitenje, n'kunena kuti, "Kulira kwa foni ya agogowa ndakhala ndikukumva masiku onsewa. Kulira kumeneko ndikukudziwa. Ntchito imeneyi ndi imene ndimagwira inenso, ku kampani ina, zaka zambiri. Ngati mundilola, tiyeni panja, inu mukhale pambali panga muziona chilichonse chimene ndikugwira. Koma mwana uyu mumusiye."

Abwana anakayika, paja nkhokwe ya kampani sapatsa mlendo. Anatuluka kukaimbira akuluakulu anzawo, n'kubwera atavomera, poti kwina kothawira kunalibe. Tadala anawaitana a Nyachirwa ndi mawu otsika, n'kuwauza kuti, "Amayi, mukayambe ndi mafunso ochedwa. Ndakhala ndikufuna kuwafufuza, nthawi ndinalibe." A Nyachirwa anamusisita pachipumi n'kunena kuti, "Wandilozera njira. Gona iwe."

Anakakhala pa benchi pakhonde la wodi, ine ndili chapatali ndi foni yanga yolira. Zimene anachita anandifotokozera pambuyo pake tikupatsana moto, ndipo ndikuuzani monga ndinamvera. Chida chija choyang'anira seva chili ndi malo amene chimaonetsa mafunso amene akudya nthawi yambiri. Pamwamba penipeni panali funso limodzi lochokera ku ofesi yaikulu, lofuna kudziwa matumba amene atsala m'shopu iliyonse. Funsolo linkabwera pafupipafupi tsiku lonse, ndipo likabwera, seva inkayamba kuwerenga nkhokwe yonse kuyambira thumba loyamba limene kampani inagulitsa chiyambire. Anati zili ngati munthu wofuna nyumba ya Nabanda amene akugogoda khomo lililonse kuyambira ku Biwi mpaka ku Kawale, ndipo akamaliza, wina n'kumutumanso kuti ayambirenso. Pamene akugogoda choncho, ogulitsa m'mashopu onse aima kumbuyo kwake kudikira.

Ndiye anayamba aliimitsa funsolo kuti mashopu apume. Kenako anaiikira seva chimene amati indekisi, cholozera, chonga munthu wa pamsika amene ukamufunsa amangokuuza kuti Nabanda ali mzere wakuti, khomo lakuti. Funso lija analiuza kuti lizibwera mwa apo ndi apo, osati ngati mwana wopempha ndiwo. Atatero anatembenukira kwa mwanapiye uja. Anapeza kuti amene anatchera chidacho anachiuza kuti chizikuwa ngakhale seva ingotsokomola kamodzi. Iwo anachiphunzitsa kusiyanitsa chifuwa ndi matenda a kayakaya, kuti zazing'ono chizingosunga munthu adzazione kukacha, ndipo chizikuwa pokhapokha zikavuta zenizeni.

Dzuwa lisanapendeke kwambiri, ndinaona timizere tija tikutsika, tofiira tikusanduka tobiriwira. Foni ya abwana inayamba kuitana, a ku Mchinji akuti zayenda, a ku Kasungu akuti zayenda. Koma ine chimene ndinamva ndi china. M'chitenje changa munali zii. Ndinamasula mfundo, ndinaigwedeza foniyo, ndinaiika kukhutu, ndimayesa yafa. A Nyachirwa anaseka n'kunena kuti, "Siinafe agogo, yakhuta."

Abwana anayamba kuthokoza mogwada, koma mayi aja sanawalole kuti apite msanga. Anawalozera ine. Anati, "Taonani agogowa. Chibwerereni muno sanalandiridwe ndi munthu, ndipo akuyenda ngati agwa. M'wodi muno aliyense akudziwa kuti gadiyani mmodzi amatsatira wodwala wake kumanda. Seva yanu ndaipatsa mankhwala lero, koma idzadwalanso, paja zimatero. Chidachi chimatha kulirira anthu awiri mosinthana, sabata ino uyu, sabata yamawa uyo. Chimene chikusowa ndi munthu wachiwiriyo. Mukapanda kumupeza, mudzabweranso kuno ndi buledi, koma bedi ili mudzalipeza loyalula." Abwana anangoti zyoli.

Kenako a Nyachirwa anandigwira paphewa. "Agogo, pitani mukasambe, mukagone pamthunzi paja. Odwala awiriwa ndiwayang'anira ine." Abale anga, chimwalirireni mwana wanga wamkazi, palibe munthu anali atandiuzapo mawu amenewo. Ndinapita kuseri kwa khitchini, ndinayala chitenje, ndipo misozi yonse imene ndinaimeza pamanda a kamwana kaja inatuluka. Nditalira ndinagona tulo ta mwana. Podzuka ndinapeza mawu opempherera abwerera okha pakamwa.

Sindikunamizani kuti zonse zinakhala bwino tsiku lomwelo. Magazi a Tadala anatsika pang'onopang'ono, ngati madzi a chithaphwi. Tinatuluka m'chipatala manja ali lende, opanda chobereka kumsana, aneba akutiyang'ana n'kuyang'ana kumbali. Mwamuna wa ku Joni anaimba kamodzi, anapepesa, mpaka lero sitinamuone. Tizovala timene tinagula tili m'sutikesi pansi pa bedi, ndipo masiku ena ndimamupeza Tadala atatitulutsa, atangotigwira. Bala limenelo chida cholichiza kulibe. Ndinapempha mphenzi, sinabwere. Ndinapempha kuti kamwana kalire, sikanalire. Chifukwa chake sindichidziwa, ndipo ndasiya kufunsa.

Koma chimene ndikudziwa ndi ichi. Pa tsiku limene ndinamupereka Tadala ku imfa ndi pakamwa panga, Mulungu anali atakhazika kale yankho pa bedi loyandikana nalo, likugawana nane moto, ine osadziwa. A Nyachirwa anapempha chilolezo kuntchito kwawo n'kumaithandiza kampani ija mpaka Tadala atachira. Abwana aja mawu anawalowa, analemba munthu wachiwiri, bambo wina wa ku Chipasula, ndipo tsopano amalandirana. Ndikuthokoza Ambuye chifukwa cha mayi amene aja, amene lero ndimawatcha mwana wanga. Ndikuthokoza chifukwa cha manesi amene sanatope nafe, ndi aneba a galimoto ya mchenga.

Inu amene mwasenza chinthu nokhanokha, kaya ndi wodwala, kaya ndi ntchito, kaya ndi makina ngati a mdzukulu wanga, musadikire kugwa kuti munene kuti ndatopa. Ndipo inu amene mapemphero akuumirani pakamwa, musadziyese otayika. Langa lomaliza linali lowawa, lopanda ndi ameni yemwe, koma linamveka. Gwiritsitsani. Yang'ananinso amene wagona pafupi nanu, mwina ndi iyeyo, kapena mwina ndinu amene mwatumidwa kukamuuza kuti pita ukagone, ndiyang'anira ine.

Amene akundilembera mawu awa ndi Tadala yemweyo, pa laputopu yomwe ija, pakhonde pomwe anagwera paja. Pena amaima kupukuta m'maso, ine n'kumudikira. Foni ili pawindo, chikhalireni pano sinanene kanthu. Ndangomufunsa kumene kuti, "Mkazi mnzanga, nanga wodwala wako uja wadzuka bwanji lero?"

Wandiyankha osadzutsa n'komwe mutu. "Kaya, agogo. Sabata ino si yanga."

Ambuye alemekezeke.